Kuwedza m'mphepete mwa nyanja yamchere ndi nyambo zopanga: ndiyambire pati kuno ku Durban?

WakuLinga analemba:

Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse ndi anzanga okonda kuwedza. Kwathu ndi ku Nkhotakota, koma ndikugwira ntchito kuno ku Durban, ndipo masiku opuma ndimakawedza pa Blue Lagoon, pamene mtsinje wa uMngeni umathirira m'nyanja. Kufikira lero ndakhala ndikuchita monga amachitira ambiri, kukola chidutswa cha sadini ku mbedza, kuponya, n'kukhala pansi kudikira. Nsomba ndimapha ndithu, makamaka shad m'nyengo yozizira, koma sadini ndi wodula, amafewa msanga dzuwa likakwera, ndipo wambiri amangothera tinsomba ting'onoting'ono timene timamuseteka mpaka mbedza kutsala yokha.

Chimene chandikopa ndi asodzi ena amene ndimawaona m'mamawa atanyamula ndodo imodzi ndi kachikwama kakang'ono basi. Iwowa sakhala pamalo amodzi, amangoyenda m'mbali mwa madzi akuponya ndi kukoka. Ena amaponya chitsulo chonyezimira chimene amachitcha supuni, ena amaponya tinsomba tapulasitiki tofewa, ndipo ochepa amawedza ndi nyambo yomangidwa ndi nthenga ndi ubweya, imene amaiponya pokupiza m'mwamba chingwe chochindikala, atamangirira kabeseni m'chiuno. Ndinagula masupuni awiri ndipo ndakhala ndikuwaponya pa malo omwewo amene sadini amandiphera nsomba, koma palibe chimene chagwira.

Choncho ndikupempha nzeru kwa odziwa. Kodi vuto lili pa mtundu wa supuni, kapena pali china chimene sindikuchiona? Kodi munthu angathe kuyamba ndi nyambo yanthenga mwachindunji, kapena ndi bwino kuyamba wazolowera supuni? Nanga ndi nsomba ziti zimene wopanda boti angaziyembekezere pafupi ndi gombe, ndipo malamulo a dziko lino amati chiyani za usodzi woterewu?

MkuluWapaBluff anayankha:

Achimwene a ku Linga, ine ndiyankha za supuni ndi anzake, za nthenga ndiwasiyira amene amazidziwa kundiposa. Musataye ndalama kugula masupuni ena, chifukwa vuto silili pamenepo. Sadini ali ndi fungo ndi mafuta, ndipo madzi amanyamula fungolo kukaitana nsomba kuchokera kutali, n'chifukwa chake mungathe kukhala pa mwala umodzi m'mawa wonse n'kuphabe. Supuni siitana kanthu. Imagwira ntchito pokhapokha ikadutsa pamaso pa nsomba imene ikusaka pa nthawi imeneyo, kotero woiponya ayenera kudziwa pamene nsombazo zili ndi nthawi imene zimadya. Anthu amene mukuwaona akuyenda aja akufunafuna nsomba ndi maso, ndipo kuponyako kumabwera pambuyo.

Choyamba kuphunzira ndi kudzaza ndi kuphwa kwa madzi, chinthu chimene ife okulira ku nyanja ya Malawi sitinachidziwe. Kuno nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse chifukwa imatsata mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumakula mpaka pafupifupi mamita 2 kuno ku Durban, ndipo masiku amenewo madzi amaphwa kwambiri chakumasana kusanafike, cha m'ma 9 kapena 10 koloko. Tsiku lotero pitani ku gombe opanda ndodo, mukangoyang'ana. Pamene mafunde akuswekera n'kuchita thovu loyera pali mulu wa mchenga ndipo ndi posaya. Pamene madzi ali obiriwira modera ndipo funde likudutsa osasweka pali dzenje kapena ngalande. Mudzaonanso mpata pakati pa milu iwiri pamene madzi obwera ndi mafunde amabwererera kunyanja mwamphamvu. Malo amenewa muwasunge m'mutu pogwiritsa ntchito nyumba kapena mtengo wa kumtunda, chifukwa madzi akadzaza saonekanso bwino, koma ndi m'mphepete mwake momwe nsomba zolusa zimadikirira tinsomba tosokonezedwa ndi thovu. Mpata wobwerera madziwo musamalowemo, pakuti ndi umene umakokera anthu kunyanja.

Nthawi yabwino koposa ndi pamene madzi akudzaza kukucha kumene, dzuwa lisanatuluke, komanso madzulo kukamachita chisisira. Mphepo nayo ili ndi gawo lake. Ya kumpoto chakum'mawa ikaomba masiku angapo motsatizana, madzi a m'mphepete amazizira ndi kuda, ndipo supuni sioneka. Ya kumwera chakumadzulo ikadutsa, kawirikawiri imasiya madzi oyera ndi ofunda, ndipo m'mawa wotsatira ndi wosati muuphonye. Muziyang'ananso mbalame zoyera zimene zimadzigwetsa m'madzi pamalo amodzi, ndi tinsomba timene tikudumpha mothawa. Inu a ku Nkhotakota munaonapo ncheni ikuthamangitsa usipa pamwamba pa madzi. Shad imachita chimodzimodzi ndi sadini ndi tinsomba tina, ndipo mukaona zimenezo thamangirani pomwepo muponye kuseri kwa gululo kuti supuni idutse pakati pake.

Za zida sindichulukitsa. Ndodo ya mafiti 10 kapena 11, reel (chipangizo chokulungira chingwe) yapakatikati, chingwe cholukidwa chopirira kulemera kwa mapaundi 20 kapena 30, ndi chingwe choonekera cha mita imodzi kapena awiri kumapeto kwake, n'zokwanira. Supuni ya magalamu 30 mpaka 45 imafika kuseri kwa mafunde oyamba. Ambiri oyamba amakoka mothamanga kwambiri supuni itangogwa, ndiye imangotsetsereka pamwamba. Isiyeni imire pang'ono mukuwerenga mumtima, kenaka kokani mwa liwiro loti muzimva kugwedezeka kwake ku nsonga ya ndodo, ndipo ulendo wotsatira muisiye imire kwambiri kapena pang'ono kufikira mutapeza pamene nsomba zili. Shad ili ndi mano akuthwa odula chingwe, choncho ena amaika kawaya kakafupi, ngakhale kuti ine ndimaona kuti madzi akayera kawayako kamachepetsa kuluma. Pochotsa mbedza gwiritsani ntchito pulaya, zala zikhale kutali ndi pakamwa pake.

Kuyambira June mpaka cha mu October kumabweranso garrick, imene anthu a ku Cape amaitcha leervis, ikutsatira sadini ndi shad kuchokera kumwera. Imeneyi imakonda nyambo yoyera yotchedwa plug, yomwe imakokedwa pamwamba penipeni pa madzi ikuwaza thovu. Garrick imatha kuimenya kawiri kapena katatu osakodwa, ndipo chofunika ndi kusaima, muzingopitiriza kukoka kufikira mutamva kulemera. Kob ndi yosiyana nazo: imakonda madzi oderako, makamaka pamene madzi a matope a mtsinje akukumana ndi a nyanja mvula itagwa, ndipo imagwidwa ndi kansomba kapulasitiki ka mchira wogwedera, kokokedwa pang'onopang'ono kakukhudza pansi. M'miyezi yotentha ndi pamene kingfish zimachuluka pafupi ndi miyala.

Pa nkhani ya malamulo, musatsike ku gombe opanda chilolezo cha usodzi wosangalala, chimene chimafunika malinga ndi lamulo la Marine Living Resources Act la 1998. Kale tinkagula ku positi ofesi, koma masiku ano chimapezekanso pa intaneti kudzera ku dipatimenti ya boma yoona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe, ndipo muyenera kukhala nacho m'thumba pamene mukuwedza. Shad yololedwa ndi ya masentimita 30 kupita m'tsogolo, zinayi zokha pa munthu pa tsiku, ndipo kuyambira pa 1 October mpaka pa 30 November siigwidwa konse chifukwa ndi nyengo yake yoswana. Garrick ndi masentimita 70, ziwiri pa tsiku. Spotted grunter ndi masentimita 40, zisanu pa tsiku. Kob yogwidwa pa gombe kapena m'mathiriro a mtsinje kuno ndi masentimita 60, imodzi yokha. Muyeso umayambira kukamwa mpaka kunsonga ya mchira, ndipo nsomba yogwidwa ndi chilolezo chimenechi siigulitsidwa. Kwa ife alendo m'dziko la eni, kukhala ndi pepala limeneli ndi kansalu koyezera n'kofunika kwambiri, chifukwa mlandu wa nsomba ungathe kuyambitsa mavuto ena osafunika.

MayiWakuZomba anayankha:

Zimene anena akulu a pa Bluff za kuwerenga madzi ndi zoona, ndipo zimagwira ntchito chimodzimodzi pa nyambo yanthenga. Pa funso la achimwene a ku Linga loti n'kuyamba ndi iti, ine sindiganiza kuti nthenga ndi sitepe yapamwamba yofika munthu atakhwima pa supuni. Ine ndinayamba ndi nthenga, pa nsomba za trout mu mtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo nditasamukira ku Richards Bay ndinangosintha zida ndi kachitidwe. Achimwene, ngati mtima wanu uli pamenepo, palibe chokuletsani kuyamba tsopano, bola mudziwe kusiyana kwake.

Pa supuni, cholemera ndi nyamboyo, ndipo ndi imene imakoka chingwe pouluka. Pa nthenga zinthu zimatembenuka: nyambo ndi yopepuka kwambiri moti simungaiponye payokha, choncho cholemera ndi chingwe, ndipo ndi chimene chimanyamula nyamboyo. N'chifukwa chake ndodo ndi zingwe zimenezi zimadziwika ndi manambala. Nambalayo imanena kulemera kwa mafiti 30 oyambirira a chingwe. Cha nambala 5, chimene timagwiritsa ntchito pa trout, chimalemera pafupifupi magalamu 9 pa gawo limenelo, pamene cha nambala 9 chimalemera magalamu 15 ndi theka. Ku nyanja yamchere mphepo siisowa ndipo nyambo ndi zazikulu, kotero ndodo ya mafiti 9 ya nambala 9 ndi imene ndingakulangizeni, ndipo ndodo ndi chingwe zikhale za nambala imodzi. Ngati mugula chingwe chimodzi chokha, sankhani chomira pang'onopang'ono chotchedwa intermediate, chifukwa choyandama chimatengedwa ndi funde lililonse ndipo simumvanso zimene nyambo ikuchita.

Kabeseni kamene munakaona m'chiuno kaja si kokongoletsa. Pokoka nyambo sitigwiritsa ntchito reel, timakoka chingwe ndi dzanja, ndipo chingwe chokokedwacho chikagwera m'madzi mafunde amachikulunga m'miyendo ndi m'miyala. Musagule ka m'sitolo. Tengani beseni lapulasitiki lochapira mbale, mubowole pansi kuti madzi azituluka, mulowetsemo timitengo tapulasitiki toimirira kuti chingwe chisapotane, ndipo mulimangirire ndi lamba.

Nyambo zofunika poyamba ndi ziwiri. Yoyamba ndi Clouser Minnow, imene Bob Clouser anaipanga mu 1987 pofuna nsomba za bass mu mtsinje wa Susquehanna ku America, koma yakhala ikugwira nsomba m'nyanja zonse. Ili ndi timaso tachitsulo tomangidwa pamwamba pa mbedza, ndipo timaso timeneti timatembenuza nyamboyo kuti nsonga ya mbedza iyang'ane kumwamba, moti siikodwa msanga m'miyala, komanso imadumphadumpha ngati kansomba kovulala mukaikoka ndi kuima. Ya ubweya wobiriwira mowala pamwamba ndi woyera pansi, pa mbedza ya nambala 2 kapena 1/0, ndi imene ndimaidalira. Yachiwiri ndi Lefty's Deceiver, ya Lefty Kreh, yomwe ili ndi nthenga zazitali kumchira ndipo imasambira pafupi ndi pamwamba. Zonsezi mungaphunzire kumanga nokha madzulo kunyumba, ndipo pamenepo ndi pamene mtengo wa usodzi umenewu umatsika kwambiri poyerekeza ndi sadini wa sabata ndi sabata.

Kuponya muphunzirire pa bwalo la udzu, mutamangirira kachidutswa ka ulusi m'malo mwa mbedza. Chingwe chiyenera kutambasuka chonse kumbuyo musanachibweze kutsogolo, ndipo dzanja lina limachikoka pang'ono pa mbali zonse ziwiri kuti chiwonjezere liwiro. Mukamafika mamita 20 mosavutika, mwakonzeka. Magalasi ndi chipewa n'zosakambirana, chifukwa mphepo ikachokera mbali ya dzanja loponyera imabweretsa mbedza kumutu kwanu. Zikatero tembenukani, mufulatire madzi n'kuponya chakumbuyo.

Sindingakulangizeni kuyambira pa mafunde akuluakulu a Blue Lagoon. Yambani m'mathiriro a mitsinje ndi m'madzi otchingidwa ndi miyala, monga uMlalazi ku Mtunzini kapena Cape Vidal m'dera la iSimangaliso, kumene muyenera kuyamba mwafunsa zigawo zololedwa kuwedza. M'malo otere muli kingfish zing'onozing'ono, springer imene imadumpha m'mwamba ikangokodwa, ndi wave garrick imene imadya m'thovu pafupi kwambiri ndi mapazi anu. Mitsinje ya kumpoto kuno ili ndi ng'ona, ndipo ku St Lucia kulinso mvuu zambiri, choncho musalowe m'madzi mwachisawawa.

Nsomba ikaluma musadzutse ndodo monga timachitira pa trout. Nsomba za m'nyanja zili ndi milomo yolimba, ndipo nsonga yofewa ya ndodo siilowetsa mbedza. Ndodo ikhale yoloza kumene kuli nyambo, mukoke chingwe mwamphamvu ndi dzanja, ndipo mukamva kuti yakodwa ndi pamene mudzutse ndodo n'kulola chingwe cha m'beseni chituluke pakati pa zala mpaka chifike pa reel. Mukafika kunyumba tsukani zonse ndi madzi a pampopi, ndodo, reel, chingwe ndi nyambo zomwe, n'kuziumitsa pamthunzi, apo ayi dzimbiri lidzakudyerani zida m'nyengo imodzi.

WakuUlongwe anayankha:

Moni abale anga. Ine ndine wa ku Angónia, koma ndimagwira ntchito yoperekeza alendo owedza ku Vilankulo, moyang'anizana ndi zilumba za Bazaruto. Ndaona kuti ndiwonjezerepo za kuno, popeza ambiri a inu mumadutsa mu Mozambique popita kumudzi, ndipo ena mumafuna kuyesako madzi athu.

Chenjezo loyamba ndi lakuti mamita 2 amene akulu a pa Bluff anena ndi a ku Durban. Kuno kusiyana kwa madzi kumapitirira mamita 3, ndipo ku Beira kumapitirira mamita 6. Madzi akaphwa, pakati pa Vilankulo ndi zilumba pamatuluka madambo a mchenga otalika kwambiri, ndipo ndi malo okoma kuwedzapo ndi nthenga chifukwa nsomba mumaiona ndi maso musanaiponyere. Koma madzi pobwerera sayambira kutsogolo kwanu kokha. Amayamba kudzaza ngalande zimene zili kumbuyo, pakati pa inu ndi mtunda, ndipo munthu wotanganidwa ndi nsomba amadzazindikira ali pa kachilumba kamene kakumira. Muzidziwa ola limene madzi atembenukire musanachoke kumtunda, ndipo muziyamba kubwerera nthawi ikadalipo. Poyenda m'madzi muzivala nsapato zolimba ndi kukhwekhwereza mapazi pansi, kuti nsomba yafulati yaululu kumchira, imene imadzikwirira mumchenga, ithawe musanaiponde.

Nsomba imene alendo ambiri amadzera kuno ndi giant kingfish, imene m'Chipwitikizi timaitcha xaréu. Imakula kupitirira makilogalamu 50, ndipo ikakodwa imathamangira ku miyala kukadula chingwe. Ndodo ya nambala 9 imene anena mayi a ku Zomba ndi yabwino pa queenfish ndi kingfish zazing'ono, koma pa imeneyi pamafunika ya nambala 12, mbedza ya 6/0, ndi chingwe chakumapeto cha mapaundi 100 kapena kuposerapo. Oponya nyambo zolimba amagwiritsa ntchito popper, yomwe ili ndi kukamwa kokumbika ndipo imaphulitsa madzi mukaikoka mwadzidzidzi. Malo ake ndi m'makona a miyala ndi m'mipata ya pakati pa zilumba pamene madzi akuthamanga, chifukwa madzi akangoima nayonso imaleka kusaka. Langizo langa kwa achimwene a ku Linga ndi lakuti asathamangire nsomba imeneyi. Ndaona anthu akugula zida zolemera ndi zodula chifukwa cha zithunzi za pa Facebook, n'kumaponya tsiku lonse mkono mpaka kutupa, pamene ndodo yopepuka ikanawapatsa nsomba zambiri ndi kuwaphunzitsa madzi.

Mudziwenso kuti chilolezo cha ku South Africa sichigwira ntchito kuno, muyenera kutenga cha ku Mozambique. Zilumba za Bazaruto ndi paki ya dziko kuyambira 1971, ndipo kuyambira 2017 boma likuiyendetsa mothandizana ndi bungwe la African Parks, choncho muli malipiro olowera ndi zigawo zimene kuwedza n'koletsedwa. Kingfish zikuluzikulu ife timazibwezera m'madzi zonse. Ofufuza anapeza kuti zimasonkhana zochuluka kwambiri kufupi ndi Ponta do Ouro m'miyezi yotentha kuti ziswane, ndipo zina zimene anaziika tizipangizo tozitsatira zinayenda makilomita oposa 600 kuchokera pamenepo kulowera kumwera, moti nsomba imene ingaphedwe kumalo amodzi imasowa m'magombe a mayiko awiri.

WakuLinga anayankha:

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse, mwanditsegula maso, makamaka pa nkhani yopita kukayang'ana gombe madzi ataphwa. Ndiyamba ndi masupuni amene ndili nawo kale uku ndikusunga ndalama ya ndodo ya nambala 9. Koma pali chimodzi chimene chikundivuta kumvetsa, ndipo ndikufunsa moona mtima. Ife tinakula tikudziwa kuti nsomba ndi ndiwo, ndipo munthu wobwera kunyanja chimanjamanja atagwira nsomba n'kuitaya sangamvetsetseke pakhomo. Ndikumvetsa za nsomba yosakwana muyeso, chifukwa ndi lamulo. Nanga yokwana muyeso, monga kob ya masentimita 70, pali chifukwa chenicheni choibwezera, kapena ndi mwambo chabe wa anthu amene sasowa chakudya? Komanso nsomba imene yalimbana ndi mbedza mpaka kutopa, kodi imakhaladi ndi moyo ikabwezedwa?

MkuluWapaBluff anayankhanso:

Achimwene, funso limeneli nanenso linkandivuta, ndipo sindikuuzani kuti muzibweza nsomba iliyonse. Shad zinayi zimene lamulo likulolani tengani mukadye ndi banja. Imeneyi imakula msanga ndipo imayamba kuswana isanafike n'komwe pa muyeso wa masentimita 30, choncho yokwana muyeso kawirikawiri imakhala itasiyako mbewu. Muidule pakhosi kuti magazi atuluke itangogwidwa, muichotse matumbo, muisunge pozizira ndi kuidya tsiku lomwelo, chifukwa mnofu wake umafewa msanga.

Kob ndi nkhani ina, ndipo chifukwa chake chili m'kakulidwe kake. Ana ake amakulira m'mathiriro a mitsinje ndi m'mafunde a m'mphepete, momwemo momwe ife timaponya. Yaikazi imayamba kuikira mazira itafika pafupifupi mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ili ndi zaka 5 kapena 6, ndipo ikasiyidwa imatha kukhala zaka zoposa 40 n'kulemera makilogalamu oposa 70. Izi zikutanthauza kuti kob ya masentimita 70 imene mwatchulayo ndi yololedwa ndi lamulo, koma sinaswepo ngakhale kamodzi. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti kob zoswana zinali zitatsika kufika pochepera 5 pa 100 iliyonse ya mmene zinalili poyamba, ndipo m'chaka cha 2000 boma la South Africa linalengeza kuti usodzi wa mbedza uli pa ngozi chifukwa cha kutha kwa mitundu ngati imeneyi. Ine kob ndimaibweza, kaya ndi yaing'ono kaya yaikulu, ndipo ndiwo ndimapezera pa shad.

Pa funso lakuti imakhaladi ndi moyo, apa ndi pamene nyambo zopanga zimaposa sadini. Nsomba imameza nyambo yeniyeni mpaka m'mimba, ndipo mbedza ikafika kumeneko kawirikawiri imapha. Supuni, pulasitiki ndi nthenga zimakola pamlomo nthawi zambiri, chifukwa nsomba imazimenya zikuyenda. Chotsala chili m'manja mwanu. Chotsani mbedza za nsonga zitatu zimene zimabwera ndi nyambo za m'sitolo, muikepo ya nsonga imodzi, ndipo kamnga kake mukaphwanye ndi pulaya kuti ituluke mosang'amba. Musalimbane ndi nsomba nthawi yaitali pa chingwe chopepuka, chifukwa kutopa kopitirira ndi kumene kumaipha ngakhale itachoka ikusambira. Nyowetsani manja musanaigwire, musalowetse zala m'makha ake, ndipo musaigoneke pa mchenga wouma kapena pa mwala wotentha, pakuti zimenezi zimachotsa ntchofu imene imaiteteza ku matenda. Ngati mukufuna chithunzi, foni ikhale yokonzeka nsomba isanatuluke m'madzi. Poibweza, igwirizeni ndi manja awiri m'madzi mutu utaloza kumene madzi akuchokera, kufikira itayamba kukankha yokha.

Umboni wakuti zimapulumuka ulipo kuno komwe. Bungwe la Oceanographic Research Institute, lomwe lili ku uShaka Marine World, lakhala likuyendetsa ntchito yoika zizindikiro pa nsomba kuyambira 1984 mothandizana ndi asodzi wamba, ndipo nsomba zambiri zimagwidwanso patapita miyezi kapena zaka zitakula bwino. Tsiku lina mudzagwira garrick kapena kob yokhala ndi kapulasitiki kachikasu kotuluka pamsana pafupi ndi chipsepse. Mukakapukuta ndere mudzaona nambala. Lembani nambalayo, kutalika kwa nsomba, tsiku ndi malo, muwatumizire a bungwelo, ndipo iwo adzakuuzani kumene nsombayo inaikidwira chizindikiro ndi mtunda umene yayenda.